Akuti M'nyanja Mwatha Nsomba, Koma Adaponya Ukonde Wanji?

Pali mawu amene afala pakati pa anthu otsata nkhani za sayansi, ndipo ine ndakana kuwameza. Akuti chimakina cha ku Geneva chija, chimene chidadya ndalama zankhaninkhani ndi chiyembekezo chakuti chidzatiululira chinsinsi cha dark matter, chidalephera. Akuti kuyambira mu 2010 asayansi akhala akuwombanitsa tizidutswa pansi pa nthaka koma chimene ankasaka sadachipeze, kotero nthawi yakwana yoti avomereze kuti chinthucho kulibe, kapena ngati chiliko, si makina otere amene angachione. Ena amawonjezera mwano, amati amene akupitirizabe kusaka akungoteteza malipiro awo. N'zoona kuti sadachipeze, ndipo zimenezo sindizibisa paliponse m'nkhani ino. Koma msodzi akakocheza chimanjamanja, munthu wanzeru asanalengeze kuti m'nyanja mwatha nsomba amayamba wafunsa kuti adaponya ukonde wanji. Matchera a maso akuluakulu otchera kampango sangagwire usipa ngakhale utawaponya pomwe usipa wadetsa madzi. Mlandu wanga ndi umenewo. Kwa zaka zambiri akatswiri adaluka ukonde wa nsomba ya mtundu umodzi wokha, ndipo lero ena akufuna kuti kulephera kwa ukonde umenewo kukhale chigamulo cha nyanja yonse.

Ndiyambe ndi zimene zidaoneka kumwamba, poti ndi kumene nkhaniyi idachokera. M'chaka cha 1933 Fritz Zwicky, katswiri wa zakuthambo wa ku Switzerland amene ankagwira ntchito ku California, adaunika liwiro la milalang'amba ya m'gulu lotchedwa Coma. Adapeza kuti ikuthamanga kwambiri moti mphamvu yokoka ya nyenyezi zonse zooneka sikadakwanitsa kuigwira pamodzi, ikadamwazikana kalekale. Anzake ambiri sadalabadire. Kuyambira mu 1970 Vera Rubin ndi Kent Ford adaonetsa, poyamba pa mlalang'amba wa Andromeda kenako pa ina yambiri, kuti nyenyezi za m'mphepete zimazungulira ndi liwiro lofanana ndi za m'kati, pamene zikadayenera kuyenda pang'onopang'ono monga amachitira mapulaneti akutali ndi dzuwa. Mu 2006 kudabwera umboni wa Bullet Cluster, magulu awiri a milalang'amba amene adawombana. Mpweya wotentha, umene ndiwo gawo lalikulu la zinthu zooneka m'magulumo, udatsalira pakati, koma kulemera kwenikweni kudapitirira kutsogolo ngati kuti sikudagunde kanthu. Ndipo mu 2013 chombo cha Planck chidapereka chiwerengero chimene chikugwirabe ntchito mpaka pano: pa magawo 100 a zonse za m'chilengedwe, pafupifupi 5 okha ndiwo zinthu zimene timazidziwa, inu ndi ine, miyala, madzi ndi nyenyezi, pafupifupi 27 ndi dark matter, otsalawo ndi nkhani ina ya tsiku lina. Ndiye kuti chinthu chosaonekachi n'chochuluka kasanu kuposa zonse zimene maso angaone. Sichiwala, sichitchinga kuwala, chimangokoka.

Vuto lidayamba pamene akatswiri adadzifunsa kuti chinthucho chidapangidwa ndi chiyani. M'zaka za m'ma 1980 kudatchuka yankho limodzi lotchedwa WIMP, kutanthauza kachidutswa kamodzi, kolemera mwina ngati mapulotoni 100, kamene kamakhudzana ndi zinthu zathu mwa apo ndi apo zedi. Yankholi lidali ndi chikoka, ndipo sindikunyoza amene adalikonda. Atawerengetsera kuti tizidutswa totere tikadatsala tochuluka bwanji chilengedwe chitazizira, masamu adapereka pafupifupi kuchuluka komwe kukuoneka kumwamba. Komanso chiphunzitso cha supersymmetry, chimene ambiri ankachikhulupirira pa zifukwa zina, chinkapereka kachidutswa kotere kwaulere. Basi, chikhamu chonse chidathamangira komweko. Adatsitsa matanki a xenon pansi pa mapiri ndi m'migodi: ku Gran Sasso ku Italy, ku Jinping ku China, ndi m'mgodi wakale wa golide wa Homestake ku South Dakota, kumene makina otchedwa LZ ali pafupifupi kilomita imodzi ndi theka pansi pa nthaka. Mu August 2024 a LZ adalengeza zotsatira za masiku 280 odikirira kuti WIMP igunde atomu ya xenon. Sadaone WIMP iliyonse.

Ku Geneva nako ukonde udali womwewo. Large Hadron Collider, imene ambiri amangoti LHC, ndi makina a bungwe la CERN amene ali m'ngalande yozungulira ya makilomita 27, pafupifupi mamita 100 pansi pa malire a France ndi Switzerland. M'menemo mapulotoni amathamangitsidwa mbali ziwiri zosemphana mpaka liwiro lawo litatsala pang'ono kufanana ndi la kuwala, kenako amawombanitsidwa pakati pa makamera aakulu ngati nyumba zosanja. Awiri amene akutikhudza pano ndi ATLAS ndi CMS. Mphamvu ya kuwombanako imasanduka tizidutswa tatsopano, ndipo ndi mmene adapezera Higgs boson, yolemera ngati mapulotoni 133, imene adailengeza pa 4 July 2012 patapita zaka 48 chiloseredwere mu 1964. Amene amati makinawa sadapeze kanthu amaiwala msanga.

Kodi kamera ingajambule bwanji chinthu chosaoneka? Singachijambule, koma ingazindikire kuti chadutsa. Mapulotoni awiri akawombana, zophulikazo ziyenera kumwazika molingana m'mbali. Zikapita zambiri kum'mawa, zina zolingana nazo mphamvu ziyenera kupita kumadzulo. Kamera ikaona chigulu cha tizidutswa, chimene amachitcha jet, chikulowera kum'mawa koma kumadzulo kuli zii, ndiye kuti kumadzuloko kwathawira china chimene sichidasiye phazi. Kwa zaka zambiri kusaka dark matter ku LHC kudali kumeneku: jet mbali ino, mpata mbali inayo. Ndi njira yabwino ndithu ngati nyama ukuisakayo ili imodzi, yoyenda yokha, yosasweka panjira.

Tsono ndani adatiuza kuti iyenera kukhala imodzi? Tadziyang'anani nokha, owerenga anzanga. Thupi lanu lidapangidwa ndi maatomu, kulemera kwa atomu pafupifupi konse kuli m'mapulotoni ndi manyutuloni, ndipo pulotoni si kachidutswa kamodzi ayi. Murray Gell-Mann ndi George Zweig adaganiza mu 1964, aliyense payekha, kuti m'kati mwake muli tizidutswa titatu, timene lero timatitcha ma quark, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 makina a ku Stanford adaona kuti m'katimo mulidi tinthu tolimba. Chodabwitsa n'chakuti mukaphatikiza kulemera kwa ma quark atatuwo mumapeza pafupifupi gawo limodzi lokha pa magawo 100 a kulemera kwa pulotoni. Magawo 99 otsalawo amachokera ku mphamvu imene imawamanga pamodzi, yonyamulidwa ndi tizidutswa tina totchedwa gluon, ndi ku kutakataka kwawo m'kati mwa chimangocho. Zili ngati mtolo wa nkhuni zitatu umene ukukuthyola khosi, ukautula n'kupeza kuti cholemera si nkhunizo koma luzi lomangira. Higgs yotchuka ija imangopereka kagawo kakang'ono kaja. Kulemera kwanu kwina konse ndi luzi.

Luzi limeneli lili ndi khalidwe lachilendo. Quark siyenda yokha. Ukaikoka mwamphamvu kuti ichoke kwa anzake luzilo limaduka, koma pamalo podukapo pamabadwa ma quark ena amene amamangana nthawi yomweyo, kenako enanso, mpaka chimene chimafika pa kamera ndi chigulu cha timitolo tolowera mbali imodzi. Jet ija ndi imeneyi. Ndipo mitundu ya mitolo yotere ndi yambiri zedi, mazanamazana: pion, kaon, ndi ina yoti mayina ake adatsala pang'ono kutha zilembo za Chigiriki. Mu 2015 kamera ya LHCb idapezanso mtolo wa ma quark asanu. Kotero kagawo kathu kakang'onoka, magawo 5 aja, kali ndi mafuko, mabanja ndi mbumba zoti sitidamalize n'kuwerenga komwe. Koma magawo 27 aja akuti ndi kachidutswa kamodzi, kopanda mbale, kopanda mudzi. Ndi mfumu yanji ingalandire mlandu wotere popanda mboni? Ganizo limenelo silidachokere kumwamba kumene Rubin ankayang'ana. Lidachokera pa bolodi, chifukwa kachidutswa kamodzi n'kosavuta kuwerengetsera.

Amene amati dark matter ndi mtolo, wokhala ndi ma quark ake ndi luzi lake lamdima, ali ndi zifukwa zimene ine ndimaona kuti n'zosachepa poziyerekeza ndi za WIMP. Taonani za kukhalitsa. Dark matter yakhalapo zaka pafupifupi 13.8 biliyoni, pamene tizidutswa tolemera tambiri timasweka diso lisanaphethire. Kuti WIMP ya supersymmetry isasweke, akatswiri adachita kuiikira lamulo lapadera ndi manja awo. Pulotoni sifuna thandizo lotere. Ndi mtolo wopepukitsitsa pa fuko lake, ilibe koti igwere, ndipo makina a Super-Kamiokande ku Japan akhala akuidikirira kuti isweke kuyambira mu 1996 koma osaona ngakhale imodzi. Mtolo wamdima ungakhalitse pa chifukwa chomwecho popanda kuupempherera.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi kasanu kaja. Bwanji kasanu? Bwanji osati ka miliyoni, kapena kagawo kochepetsetsa? Ngati zinthu zathu ndi dark matter zidabadwa m'njira zosiyana kotheratu, monga nkhani ya WIMP imanenera, palibe chifukwa choti kuchuluka kwake kuyandikane chonchi, zangochitika basi. Zinthu zathu zilipo chifukwa cha zotsalira. Pachiyambi tizidutswa tathu tinkafafanizana ndi adani ake otchedwa antimatter, ndipo pa biliyoni iliyonse kamodzi kadatsala kopanda wokafafaniza. Kamodzi kameneko ndife. Ngati kutsala komweko kudachitikanso mbali yamdima, ndipo mtolo wamdima ukulemera ngati mapulotoni asanu, nambala ija yadzifotokoza yokha. Ganizoli si ladzulo. Shmuel Nussinov adalemba zofanana nalo mu 1985, ndipo David Kaplan, Markus Luty ndi Kathryn Zurek adalitsitsimutsa mu 2009. Umenewu si umboni, koma ndi chifukwa chokwanira choti munthu adzuke akayang'ane.

Nanga akayang'ana aona chiyani? Apa ndiye pagona nkhani. Mu 2006, LHC isanayambe n'komwe, Matthew Strassler ndi Kathryn Zurek adachenjeza za chimene adachitcha Hidden Valley, chigwa chobisika kuseri kwa phiri. Iwo adati kungakhale fuko lathunthu la tizidutswa, mwinanso topepuka, timene makina akale sadatione chifukwa njira yopita kumeneko ndi yokwera. Pamafunika kachidutswa kolemera kolumikiza mbali yathu ndi mbali yamdima, kokhala ngati nkhoswe pakati pa mabanja awiri. LHC ikakwanitsa kupanga nkhoswe imeneyi, iyo imasweka n'kubala ma quark amdima. Amenewa amachita monga anzawo a kuno: luzi limaduka n'kubala chigulu cha mitolo yamdima. Ina mwa mitoloyo ndi yokhalitsa, imatuluka m'kamera mwakachetechete, ndipo imeneyo ndiyo dark matter. Ina siikhalitsa, imasweka n'kubwerera mbali yathu ngati tizidutswa tooneka. Chotsatira chake ndi jet yosakanikirana, mbali yooneka mbali yosaoneka, imene Timothy Cohen, Mariangela Lisanti ndi Hou Keong Lou adaifotokoza mu 2015 n'kuitcha semi-visible jet.

Tsono tamvani zimene zinkachitika. Pa kuwombana kotere, mpata uja suli kutali ndi jet ayi. Umaloza komwe kwalowera imodzi mwa ma jet, pakuti chosowacho chikuyendera limodzi ndi chooneka. Koma aliyense wogwira ntchito pa makamerawa amadziwa kuti mpata wolunjika komwe kwalowera jet nthawi zambiri ndi chizindikiro cha kulakwitsa kwa kamera. Jet yadutsa pamng'alu, kapena kachipangizo kena kafa, ndiye yayezedwa moperewera. Choncho pa kusaka kwa masiku onse padali lamulo lakuti chithunzi chilichonse chimene mpata wake wayandikana ndi jet chichotsedwe. Lamuloli lidali lanzeru kwa wosaka WIMP, ndipo amene adaliika sadali zitsiru. Koma tanthauzo lake ndi lakuti ngati dark matter ili mtolo wotere, ndipo imabadwa m'makinawo, akatswiri ankaitola ndi manja awo n'kuiponya kudzala pamodzi ndi zinyalala. Sikuti idawapulumuka mwangozi. Malamulo awo omwe ndiwo adawalamula kuitaya. Ndiye wina akaimirira n'kunena kuti tidasaka osapeza, ine ndimafunsa kuti kudzala kuja mudafukulako?

Si zokhazo. M'chaka chomwecho cha 2015 Pedro Schwaller, Daniel Stolarski ndi Andreas Weiler adafotokoza za emerging jets. Mitolo yamdima ikhoza kuyenda mamilimita angapo, mwinanso mita yathunthu, isanasweke, kotero jet imayamba yosaoneka n'kumatumphuka apa ndi apo panjira ngati bowa. Mapulogalamu olondola mapazi a tizidutswa adalembedwa poganiza kuti phazi limayambira pafupi ndi powombanirana. Mapazi oyambira patali ankaphonyedwa kapena kutengedwa ngati chisokonezo. Kapenanso luzi lamdima likhoza kukhala lolimba moti jet palibe n'komwe, pali tizidutswa tofooka mazanamazana tomwazika mbali zonse. Zimenezi zimafanana kwambiri ndi fumbi la tsiku ndi tsiku, pakuti magulu a mapulotoni akakumana sipawombana awiri okha koma makumimakumi nthawi imodzi.

Ndipo pali chinthu china chimene onyoza aja sachitchula. Magulu a mapulotoni amakumana mpaka ka 40 miliyoni pa sekondi imodzi, ndipo zithunzi zonsezo n'zosatheka kusunga. Kotero pakhomo pali mlonda wotchedwa trigger amene amagamula nthawi yomweyo kuti ichi chilowe, ichi chitayidwe. Chipata choyamba chimasiya zithunzi pafupifupi 100,000, chachiwiri n'kupetanso. M'zaka za 2015 mpaka 2018 ATLAS ndi CMS ankasunga pafupifupi 1,000 pa sekondi aliyense. Ndiye kuti chimodzi pa zithunzi zoposa 30,000. Lamulo la mpata lija lidali ndi ubwino umodzi, wakuti zithunzi zina zimene lidachotsa zidali zitasungidwa kale, munthu akhoza kuzibwereranso. Zimene watayiratu mlonda sizibwerera, palibe nkhokwe imene mungakatsegule mawa mutasintha maganizo. Mlondayo amauzidwa ndi anthu nkhope ya mlendo woyenera kulowa, ndipo anthuwo adamuuza nkhope imene ankaiyembekezera. Mayi wopeta mpunga amataya mankhusu chifukwa mpunga amaudziwa. Nanga wopeta chinthu chimene sadachionepo, mankhusu ake awadziwa bwanji?

Ukonde wa usipa udayamba kulukidwa mochedwa. Kudali kusaka kwina kwa tizidutswa tochedwa kusweka m'mbuyomo, koma zotsatira zoyamba za emerging jets CMS idazitulutsa mu 2018, ndipo za semi-visible jets chakumapeto kwa 2021, patapita zaka 15 chichenjezereni Strassler ndi Zurek. Mu 2023 ATLAS idatulutsa zake, ndipo pakati pa amene adasenza ntchitoyo padali Deepak Kar wa pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg ndi wophunzira wake Sukanya Sinha. Ndikutchula izi chifukwa alipo amene amaganiza kuti mafunso otere ndi a mayiko a kumpoto okha, pamene South Africa idalowa mu ATLAS mu 2010. Adapeza chiyani? Sadapeze kanthu. Chimene adatha kunena n'chakuti, pa mtundu umodzi wa nkhoswe umene adauyesa, ngati iliko ndiye kuti ikulemera kuposa mapulotoni pafupifupi 2,900. Mu 2024 CMS idasakanso tizidutswa tomwazika tija, osapeza. Izi ndikuzinena poyera. Koma WIMP yasakidwa kwa zaka pafupifupi 40 ndi makina ambirimbiri m'makontinenti angapo, pamene kusaka ma jet amdima kudayamba dzulodzuloli, ndipo kwangoyang'ana timakona tochepa ta chigwa chachikulu. Kuziika pa sikelo imodzi n'kunena kuti zonse zalephera ndi chinyengo.

Wotsutsa wamphamvu kwambiri ndi Sabine Hossenfelder, katswiri wa fizikisi wa ku Germany, amene mu 2018 adatulutsa buku lotchedwa Lost in Math, ndipo mu 2022 adalemba m'nyuzipepala ya The Guardian kuti mpikisano wopeka tizidutswa tatsopano ulibe phindu. Mfundo yake ndi yakuti anzake amapeka kachidutswa popanda chowakakamiza, makina akalephera kukaona amakasintha pang'ono kuti kakhale patsogolo pomwe makinawo safika, n'kupemphanso ndalama. Mayiwa ali ndi pogwira. Mu December 2015 ATLAS ndi CMS adaona kachizindikiro kofooka pa kulemera kwa mapulotoni pafupifupi 800, ndipo m'miyezi yowerengeka kudalembedwa mapepala mazanamazana ofotokoza kachidutswa katsopanoko, ena mwa iwo akuti ndi mtolo wa fuko lobisika. Pofika August 2016 kachizindikiroko kadali katazimirira. Kadali kusewera kwa manambala chabe. Zidali zochititsa manyazi.

Komabe pamene ndikusiyana nawo ndi apa. Dark matter sidapekedwe kuti masamu akongole. Pali nyenyezi zenizeni zimene zikuyenda mosayenera, ndipo wina ayenera kuyankha. Mbiri idatipatsapo mayankho a mitundu iwiri. Uranus itayenda mosayenera, Urbain Le Verrier adati pali pulaneti ina yosaoneka, ndipo mu 1846 Neptune idapezeka pomwe adaloza. Mercury itayenda mosayenera, munthu yemweyo adatinso pali pulaneti ina, Vulcan, koma kudalibe. Chopereweracho chidali lamulo la mphamvu yokoka, limene Albert Einstein adalikonza mu 1915. Alipo lero otsatira Mordehai Milgrom, amene kuyambira mu 1983 akuti ifenso tikuthamangitsa Vulcan. Ganizo lawo limachita bwino pa mlalang'amba umodziumodzi koma limapunthwa pa magulu a milalang'amba ndi pa kuwala kwakale kumene Planck idayeza. Mulimonsemo, Vulcan sadaikane atakhala pampando. Anthu adaisaka pafupi ndi dzuwa pa nthawi za kadamsana kwa zaka makumi angapo osaiona. Kuti unene kuti chinthu kulibe uyenera kuyang'ana pomwe chikadakhala. Paja neutrino imene Wolfgang Pauli adailosera mu 1930 idadzagwidwa mu 1956. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo kulingalira kuti mbali yamdima ingakhale ndi luzi lake si kupeka chilombo cha mitu isanu ndi iwiri. N'kungonena kuti chimene chilengedwe chidachita kamodzi m'thupi mwathu momwe chingathe kuchitanso kachiwiri. Kuyesa ganizoli sikufuna ngalande yatsopano. Kufuna mapulogalamu atsopano, malangizo atsopano kwa mlonda, ndi nthawi ya ophunzira angapo.

Komatu mkwiyo wanga waukulu suli pa Hossenfelder. Uli pa amene, ukonde woyamba utabwera wopanda kanthu, yankho lawo n'lakuti tiluke womwewo koma waukulu. Mu March 2025 CERN idatulutsa lipoti la Future Circular Collider, ngalande ya makilomita pafupifupi 91, imene gawo lake loyamba lokha akuti lidzadya ma franc a ku Switzerland pafupifupi 15 biliyoni, ndipo chigamulo cha mayiko a m'bungweli chidaikidwa cha m'ma 2028. Makinawo sindikuwatsutsa, ali ndi ntchito yomveka yoyeza Higgs mosamala. Chimene ndikukana ndi kutchula dark matter pakati pa zifukwa zowamangira popanda kuuza anthu kuti makina amene alipo kale sitidawafinye mokwanira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ngati chinthucho chikubisala m'fumbi, mphamvu zowonjezera pazokha sizingachiulule. Aphungu a ku America adathetsa Superconducting Super Collider mu 1993 atakumba kale makilomita oposa 20 a ngalande ku Texas ndi kuwononga madola pafupifupi 2 biliyoni. Okhoma msonkho akamva lonjezo lomwelo kawiri osaona kanthu, kachitatu amamanga thumba, ndipo amene amagona ndi njala ndi achinyamata amene adalowa ntchitoyi atakhulupirira akuluakulu awo.

Nawonso a mitolo yamdima asaganize kuti ndawasiya. Chiphunzitso chawo chili ndi zikhomo zambiri zosunthika: ma quark amdima akhale angati, luzi lilimbe bwanji, mitolo ingati ikhalitse, nkhoswe ilemere motani. Munthu wosaona mtima angathe kumasuntha zikhomo zimenezi mpaka atapuma pantchito, ndipo zikatero Hossenfelder adzakhala atapambana mlandu. Masamu a luzi ndi ovuta ngakhale pa pulotoni yathu yomwe. Padafunika makompyuta akuluakulu kuti mu 2008 kulemera kwake kuwerengetseredwe molondola kuchokera pa malamulo oyambira. Zithunzi zambiri zoyerekezera ma jet amdima zimachokera ku pulogalamu ya Pythia, imene idakonzedwa potengera ma jet athu, kotero ngozi yoluka ukonde wina wa nsomba yongoganizira ilipobe. Njira imene ndimaiona kuti ndi yowongoka ndi imene ena ayamba kale: kuphunzitsa kompyuta maonekedwe a kuwombana kwa masiku onse kuti izisunga chilichonse chachilendo popanda kuuzidwa nkhope, ndiponso kusunga zithunzi zochuluka mwachidule m'malo mwa zochepa zathunthu, zimene a CMS amazitcha scouting.

Tisanamizanenso. Ngakhale jet yamdima itaoneka, kamera imangokhala ndi kachidutswa kwa kanthawi kochepetsetsa, singatsimikize kuti kangakhale zaka mabiliyoni. Padzafunika kuti a m'migodi ndi oyang'ana kumwamba avomereze kuti n'chomwecho. Oyang'ana kumwambawo ali kale ndi chonena, pakuti mitolo yokhala ndi luzi ikhoza kumagundana yokhayokha. David Spergel ndi Paul Steinhardt adanena mu 2000 kuti kugundana kotere kungafotokoze chifukwa chake pakati pa milalang'amba ina ing'onoing'ono sipothinana monga amalosera masamu a dark matter yosagundana, pamene Bullet Cluster ija imaika malire akuti kugundanako kusapitirire muyeso. Pakati pa ziwirizi mpata ndi wopapatiza, ndipo a mitolo ayenera kunena poyera kuti ndi mitundu iti ya chiphunzitso chawo imene yafa kale.

Malinga ndi ndondomeko ya CERN, cha m'ma 2030 LHC idzayamba gawo lotchedwa High-Luminosity, pamene kukumana kulikonse kudzakhala ndi kuwombana 140 mpaka 200 nthawi imodzi. Fumbi lidzachuluka kangapo. Mlonda nayenso adzakhala watsopano; wa CMS adzatha kuona mapazi a tizidutswa pa chipata choyamba chomwe, zimene kale sankatha. Nkhope zimene adzauzidwe zikukonzedwa zaka zino, m'misonkhano imene nyuzipepala sizilembako. Chimene ndikupempha n'chakuti mayiko asanagamule za ngalande yatsopano, ATLAS ndi CMS afalitse m'mawu omveka kwa munthu wamba mndandanda wa maonekedwe amene mlonda wawo ankataya kuyambira mu 2010, amene asakidwa tsopano, amene sadasakidwebe, ndi gawo lanji la zithunzi zosungidwa limene lidzapatulidwe kuti likhale la zachilendo zopanda dzina. Nduna ya zachuma ya dziko lililonse limene lidzapemphedwe ndalama za makilomita 91 aja iyambe yaona mndandanda umenewo isanasaine.